Zojambula zanga za WITCH m'kope la 1979: ndizikonze kapena ndizisiye momwemo?

Bulashi_wa_KamuzuRoad
Moni nonse pagulu pano. Ambiri mumandidziwa ndi zikwangwani za magolosale ndi malo ometera pa Kamuzu Road pano, koma lero ndabwera ndi funso ndipo ndikufuna maganizo enieni osati ongondisangalatsa ayi. Mwezi wathawu tikulongedza katundu wa malemu mayi anga ku Chipoka tinapeza kope langa la ku pulayimale m'bokosi la chitsulo, pachikuto ndinalembapo 1979. Mulibe masamu olo tsamba limodzi, muli zojambula zokhazokha za bandi ya rock ya ku Zambia yotchedwa WITCH, achinyamata mwina simukuyidziwa koma ife inatigwira mtima koopsa. Zina ndinajambula ndi pensulo zina ndi bolopeni yabuluu. Nde mwana wanga wamwamuna akuti tizilowetse mu kompyuta, akonze molakwika monse, tisindikize pa matisheti tizikagulitsa ku Senga Bay nthawi ya Sand Music Festival. Molakwika mulimodi sindikukana, manja ndi aakulu kuposa mitu, gitala ina ili ndi nsambo 4 ina 9, woyimba ng'oma miyendo yake sikuoneka komwe yachokera. Koma mtima wanga ukukana kuti azikonze ndipo ndikulephera kumufotokozera chifukwa chake. Inu amene mumajambula, zinthu zanu zoyambirira mumazikonza kapena mumazisiya?

Kabaza_Senga
Madala tiponyereni kaye zithunzizo tione, tiweruza bwanji mlandu tisanaone mboni

NaBanda_Khombedza
Musakonze. Ndanena ndatha.

WaMakina_Osindikiza
Ine ndikugwirizana ndi mwanayo. Ndimasindikiza matisheti tsiku ndi tsiku ndipo kasitomala amayang'ana chinthu chooneka bwino basi, sakufunsa kuti unajambula uli ndi zaka zingati. Dzanja lopindika pa tisheti anthu aziti makina analakwitsa. Kope lenilenilo sungani, koma chopita kumsika chikhale chosalala.

Bulashi_wa_KamuzuRoad
A Kabaza ndaponya masamba angapo, onani pamwambapo, pepani kuwala kwa foni yangayi sikuli bwino. Ndifotokoze pang'ono mmene zinayambira kuti mumvetse. Amalume anga ankagwira ntchito ku migodi ku Kitwe, pobwera kumudzi anabwera ndi galamafoni ya mabatire ndi mbale zingapo, zina za WITCH zina za Paul Ngozi ndi Ngozi Family. Madzulo amaika panja pa mkeka, mudzi wonse kusonkhana. Ine tsiku loyamba kumva gitala ija ikulira mosasa ngati ikung'ambika sindinagone. Ife tinazolowera banjo ndi magitala a zigubu opanga tokha, komanso nyimbo za pa MBC pa wailesi ya Nzeru, phokoso limenelija tinali tisanalimvepo. Chithunzi cha anyamatawo ndinali nacho chimodzi chokha, cha mu nyuzipepala ya ku Zambia yomwe amalume anakulungira nsapato, chakuda ndi choyera, chothimbirira, theka lake long'ambika. Zina zonse mukuziona m'kopemo zinachokera m'makutu. Gitala yamagetsi ndinali ndisanayionepo ndi maso, nchifukwa chake magitala angawo akuoneka ngati nkhafi za bwato zomwe wina wazimangirira nsambo, ndizo ndimaziona tsiku lililonse pa doko. Kumbukirani kuti TV kuno kunalibe, TVM inayamba mu 1999, nde bandi ikuyenda pa siteji sindinayione mpaka ndakula.

Kabaza_Senga
Eeeh koma ndiye ziliko. Uyu wadumphayu ndi tsitsi lodzaza tsamba lonse ndi ndani?

Mkulu_wa_Linga
Ameneyo akhala Jagari Chanda, mtsogoleri wa bandiyo, eti a Bulashi? Mwandikumbutsa kutali achimwene. Ine ndine wa kuno ku Nkhotakota koma zaka zimenezo ndinakhalako ku Ndola kwa achemwali anga, nde Zamrock, rock ya ku Zambia imeneyi, ndinayimva ikadali yotentha. Kwa achinyamata amene mukudabwa kuti Zambia ndi rock zikukumana pati: m'zaka za m'ma 1970 ku Copperbelt kunali ndalama za kopa, anyamata amamvera Jimi Hendrix, Rolling Stones, James Brown, nkumasakaniza ndi kayimbidwe kakwawo. Kaunda analamula kuti nyimbo zambiri pa wailesi zizikhala za ku Zambia komweko, nde mabandi anaphuka paliponse, WITCH, Amanaz, Ngozi Family, Musi-O-Tunya ya Rikki Ililonga. Mbale amadinda ku Ndola komweko ku kampani ya Teal. Chimbale cha WITCH chomwe chinagwedeza kwambiri ndi Lazy Bones cha 1975. Kenako mtengo wa kopa unagwa, anthu ndalama zogulira mbale zinatha, boma linaika malamulo oletsa kuyenda usiku nde madansi anafa, disiko inalowa, matenda a Edzi anadzamaliza otsalawo. Pa anyamata oyambirira a WITCH amene ali moyo ndi Jagari yekha. Nde kope limeneli achimwene si lanu nokha ayi, ndi umboni woti nyimbo zija zinaoloka malire nkufika mpaka pa Chipoka, kwa mwana wa pulayimale. Mukalikonza umboniwo mwaufufuta.

Bulashi_wa_KamuzuRoad
Ndi Jagari yemweyo akulu. Amalume ankati munthuyo sakhazikika pa siteji, amangodumpha, nde ine tsamba lililonse ndimamujambula mapazi ali m'mwamba.

Kapensulo_ka_Maganga
Agogo a Bulashi ine ndili Fomu 3 ndimajambula anime, makatuni a ku Japan aja, pa foni ya achimwene anga. Ndadabwa chinthu chimodzi, bwanji kuyambira pakati pa kopelo onse avala zipewa? Masamba oyambirira tsitsi lili mbwee koma kenako aliyense chipewa, olo wa ng'oma

Mkulu_wa_Linga
Mwana iwe uli ndi diso. Dikira akuyankhe eni ake koma ine ndaganiza kale chifukwa chake.

Bulashi_wa_KamuzuRoad
Mdzukulu wanga waona chinthu chomwe mwana wanga yemwe sanachione. Aphunzitsi ena anandigwira ndikujambula nthawi ya masamu, anatenga kope nkuyamba kutsegula tsamba ndi tsamba kalasi yonse ili chete. Ndinkadikira chikoti koma sanandimenye. Anandiitana pa nthawi yopuma nkundiuza motsitsa mawu kuti mwana iwe dzanja uli nalo, koma anthu atsitsi awa ndi mathalauza otambalala kumunsiwa akawaona ayufi kapena apayoniya, ovutika sukhala iwe wekha, afunsa kuti bambo ako ndani, mphunzitsi wako ndani. Anati jambula koma uwaveke zipewa. Kuyambira tsiku limenelo onse ndinawaveka zipewa, koma ukayang'anitsitsa tsitsi likutulukirabe m'mbali chifukwa sindikanatha kulisiyiratu.

Kapensulo_ka_Maganga
Ndekuti munthu amatha kulowa m'mavuto chifukwa cha tsitsi lojambula papepala?? Zoona zimenezi?

Mphunzitsi_Wopuma
Mwanawe, mu 1973 boma la Kamuzu linakhazikitsa lamulo la kavalidwe, amayi samaloledwa kuvala thalauza kapena siketi yoonetsa mawondo, amuna samaloledwa tsitsi lalitali, ndipo mathalauza otambalala kumunsi aja nawonso analetsedwa. Alendo ofika pa bwalo la ndege ndi tsitsi logwera m'khosi ankametedwa asanalowe m'dziko. Kunalinso bungwe loona mabuku, mafilimu ndi nyimbo lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1968. Kunena mwachilungamo lamulo silinanene za zojambula za mwana m'kope, palibe ndime yotero. Koma vuto la nthawi imeneyo silinali zolembedwa m'lamulo zokha, linali munthu amene waima pa geti la msika kufunsa khadi la chipani, iye akaganiza kuti chinthu ndi chosayenera basi chasanduka mlandu. Ife aphunzitsi timakhala ndi mantha amenewo tsiku lililonse. Lamulo la kavalidwe linachotsedwa mu 1993, chaka cha referendamu. Mnzanga amene anati uwaveke zipewa anachita mwanzeru, ambiri akanangong'amba kopelo kuti adziteteze.

NaBanda_Khombedza
Mwamva a WaMakina? Nde mwana akakonza pa kompyuta zipewazo achotsa kapena asiya? Adziwa bwanji chomwe ndi cholakwika ndi chomwe chili ndi nkhani yake?

WaMakina_Osindikiza
Mayi zipewa palibe akuzichotsa, ine ndikunena za zala ndi nsambo. Musandiike mawu mkamwa

Nyakwawa_Bua
Ine ndifunse zina ndipo musandida. Bwanji mwana wa ku Chipoka amajambula anthu a ku Zambia amene nawonso amatsanzira azungu? Kuno tinali ndi Allan Namoko ndi Chimvu River Jazz Band, tinali ndi Daniel ndi Donald Kachamba, anthu oti anayimba mpaka kunja. Ndani anawajambula amenewo? Matenda athu ndi omwewa, chakunja chimakoma. Lero ana akujambula anime, dzulo amajambula rock, mawa kaya chani. Ine tisheti ya Namoko ndingagule, ya WITCH ayi.

Mkulu_wa_Linga
A Nyakwawa, Zambia ndi kunja kuyambira liti? Paul Ngozi nyimbo zambiri ankayimba m'Chinyanja, agogo a pa Chipoka amamva mawu aliwonse. Theka la mabanja a kuno lili ndi wachibale amene anapita ku migodi ya ku Zambia kapena ku Joni kapena ku Zimbabwe, ndipo chilichonse chomwe amabwera nacho, njinga, jekete, galamafoni, chimasanduka chathu. A Kachamba omwe mukuwatchulawo kwela anayitengera kuti? Si nyimbo za ku South Africa zimenezo, zomwe anakula nazo banja lawo likukhala ku Harare? Nanga bwanji iwowo sitikuwanena kuti amatsanzira?

Nyakwawa_Bua
Kachamba anatenga nkusandutsa chake. Kujambula nkhope ya munthu wotchuka si kusandutsa kanthu, ndi kukopera basi

Kapensulo_ka_Maganga
Koma bambo anena kuti chithunzi chinali chimodzi chong'ambika, zina zonse anapeka okha, nde anakopera chani? Ine ndikajambula anime ndimawaveka zitenje ndipo kumbuyo ndimaika phiri la Senga, anzanga amati si anime yeniyeni, ena amati si za Chimalawi, nde munthu upite kuti

Bulashi_wa_KamuzuRoad
A Nyakwawa funso lanu ndi labwino sindikudandaula nalo. Namoko ndinamujambula ndili wamkulu, pa khoma la malo ena omwera tiyi, ndipo ndimamulemekeza kwambiri. Koma mwana sasankha chomwe chimugwire mtima. Banjo ndinabadwa ndikuyimva, sinandidabwitse. Gitala ija inandidabwitsa, ndinafuna kudziwa kuti chinthu cholira choncho chimaoneka bwanji, ndipo poti panalibe wondionetsa ndinachijambula ndekha. Pakanapanda zimenezo bwenzi lero ndili msodzi ngati abale anga onse, si ntchito yoipa koma sinali yanga.

Minibasi_ya_Dwangwa
Mwatchula zojambula oyimba, mukukumbuka mmene nkhope ya Evison Matafale inadzadzira paliponse atamwalira mu 2001? Malo ometera, ma minibasi, mashopu ojambulitsa makaseti, aliyense amafuna Matafale pakhoma. Ena amafanana naye ena ayi koma palibe amadandaula, ukaona madiredi ndi mitundu ija umadziwa. Chaka cha 2024 Soldier Lucius Banda atatisiya ndimayembekeza zomwezo koma zonse zinali zosindikiza pa makina, chithunzi chimodzimodzi paliponse

WaMakina_Osindikiza
Nanga cholakwika nchani? Anthu amafuna nkhope yeniyeni ya Soldier, mwachangu, maliro asanachitike. Wa bulashi akanamaliza liti matisheti onse aja?

Mlembi_wa_Zikwangwani2
Cholakwika nchoti mwatipha ife a WaMakina. Banner yanu dzuwa la ku Salima kuno likaiwomba miyezi ingapo yayera mbee, mphepo ya mwera ikabwera yang'ambika, mwini golosale abwereranso kwa inu kudzalipira kachiwiri. Chikwangwani cha penti wa mafuta pakhoma chimakhala zaka. Koma poti penti wakwera mtengo ndipo anthu amaona za lero zokha, amathamangira kwa inu

WaMakina_Osindikiza
Nanenso ndimagula inki ndi ndalama zakunja achimwene, magetsi akazima ndimakhala chabe. Aliyense akulira

Kabaza_Senga
Paja chikwangwani chaching'ono cha pa njinga kulemba dzina ndi vesi ndi zingati masiku ano? Ndifunseni ku inbox wina

Woyang'anira_Gulu
Abale za mitengo ndi za banner tsegulani nkhani yake payokha. Pano bambo afunsa funso ndipo sitinawayankhe mokwanira.

Bulashi_wa_KamuzuRoad
Zikomo a Woyang'anira. Pali china chomwe sindinanene. Sabata yathayi ndinayesa ndekha kukonza, osati m'kopemo ayi, ndinatenga bolodi nkujambulanso tsamba la Jagari akudumpha lija ndi penti, mmene ndimajambulira masiku ano. Mwana anandionetsa zithunzi zenizeni pa intaneti, gitala ndinaipatsa nsambo 6, mapewa ndi mikono zonse mu muyeso wake, mithunzi bwinobwino. Aliyense wodutsa pa shedi yanga amati koma madala mumatha. Koma ine ndikaika bolodi ndi kope pamodzi, wa pa bolodi waima chilili ngati akudikira kujambulidwa chithunzi cha chiphaso, wa m'kope akudumphadi. Ndakhala ndikuyang'ana kufuna kuona kuti kusiyanaku kukuchokera pati. Dzanja langa lero ndi lokhazikika, lazolowera kulemba zilembo zowongoka kuti kasitomala asadandaule, ndipo ndimanyadira zimenezo chifukwa zaphunzitsa ana anga. Koma mnyamata wa 1979 uja amakanikiza pensulo mpaka pepala kuboola pamalo pomwe gitala imalira kwambiri. Ine lero sindingaboole pepala olo nditafuna.

Dada_wa_Chanco
Bambo ndawerenga zonse ndipo ndikufuna ndiyankhe mofatsa chifukwa zomwe mwanenazi ndi nkhani yaikulu pa luso lathuli. Ine ndinaphunzira zojambula ku Zomba ndipo ndimaphunzitsa ana Loweruka. Choyamba, a Nyakwawa, aliyense wojambula amayamba ndi kujambula chomwe amachikonda, kaya wosewera mpira, kaya woyimba, kaya galimoto. Ngakhale ku malo a zaluso a Kungoni ku Mua komwe Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, wosema watsopano amayamba ndi kuyang'ana ntchito ya akuluakulu kenako dzanja lake limapeza njira yake. Chachiwiri, tiyeni tione zomwe mukuti zolakwikazo. Manja aakulu kuposa mutu: mwana amakulitsa chomwe chili chofunika kwa iye, ndipo kwa munthu amene akumva gitala osaiona, chofunika ndi manja, nkhope ilibe ntchito. Nsambo 9: munamva phokoso lochuluka kuposa la banjo nde munaganiza kuti nsambo zake ziyenera kukhala zambiri, kuganiza kwanzeru kumeneko. Wa ng'oma wopanda miyendo: tayang'anani bwino tsamba lachitatu lija, ng'omazo si za bandi, ndi ng'oma zathu zachikopa zazitali zija, mwangoziika zambiri mozungulira munthu mmodzi. Ndekuti m'kopemo muli bandi yomwe sinakhalepo kwina kulikonse, theka Kitwe theka Chipoka. Zithunzi zolondola za WITCH zadzaza pa intaneti, aliyense atha kuzipeza. Izi zili m'kope limodzi lokha. Bolodi lanu latsopanolo si loipa, musalinyoze, likuonetsa munthu amene amadziwa mmene gitala imaonekera. Koma mukasakaniza ziwirizi, kutenga mzere wa mwana nkuuwongola ndi kompyuta, mutaya zonse, sichikhala cha mwana sichikhalanso cha katswiri.

NaBanda_Khombedza
Ndizomwe ndimafuna kunena ine koma sukulu inachepa. Zikomo dada

Nyakwawa_Bua
Za ng'omazo sindinazione poyamba. Chabwino pamenepo ndavomera kuti si kukopera. Koma mawu anga a Namoko akadalipo, aluso athu amwalira opanda owajambula

Mayi_Mvano_Lifuwu
Ine nkhawa yanga ndi ina. Nyimbo za rock izi timamva kuti zimayenda ndi chamba ndi makhalidwe oipa, nde bambo aulemu wawo ngati inu kuika zimenezi pa malaya kuti ana athu azivala, mwaganiza bwino?

Mkulu_wa_Linga
Mayi nkhawa yanu ndikuimva, ndipo sindinama kuti anyamata a mabandi nthawi ija anali angelo. Koma Jagari yemweyo atasiya bandi anakaphunzira nkukhala mphunzitsi wa nyimbo, pambuyo pake anatembenuka mtima nkukhala munthu wopemphera, ndipo kwa zaka zambiri amadya za thukuta lake akukumba miyala ya mtengo wapatali m'tchire. Anthu akunja atayamba kudindanso mbale zakale zija anakamufufuza, mu 2019 kunatuluka filimu ya moyo wake, ndipo mu 2023 WITCH inatulutsa chimbale chatsopano chotchedwa Zango, munthu wa zaka zoposa 70 akuyimba m'maiko a ku Ulaya ndi America. Ine mdzukulu wanga atavala nkhope ya munthu wopirira choncho sindingamuvule.

Mayi_Mvano_Lifuwu
Sindimadziwa zimenezo. Komabe ine kwanga ndi kwaya, phokoso limenelo ayi

Sista_wa_Library
Kaya musindikiza kaya ayi, chonde tetezani kaye kopelo chifukwa pepala la 1979 kuno kunyanja ndi mwayi kuti chiswe sichinalipeze. Musalipange laminate, ndikubwereza musalipange laminate, pulasitiki ija imamatidwa ndi moto ndipo ikamata simungaichotsenso, pakapita zaka pepala limawonongekera mkati momwemo. Tiwaya ta pakati tija ngati tachita dzimbiri tichotseni pang'onopang'ono chifukwa dzimbiri limadya pepala. Pakati pa masamba a pensulo ikani pepala loyera lopanda cholembedwa kuti asapakane. Musamate ndi selotepi pomwe pang'ambika. Masamba a bolopeni asakhale padzuwa, inki imasuluka, pensulo ndi yomwe imapirira kuwala. Musatsekere mu jumbo nthawi ya dzinja, chinyezi chikatsekeredwa mkati nguwi imamera, bola envelopu yapepala mu bokosi louma, pamwamba osati pansi pa simenti. Ndipo jambulani tsamba lililonse, bola pa scanner koma olo foni yabwino, panja pamthunzi masana, osayatsa flash, foni ili molunjika pamwamba pa tsamba. Chikuto ndi kumbuyo komwe jambulani.

Bulashi_wa_KamuzuRoad
Sista mwandipulumutsa, mawa lomweli ndimati ndipite nalo ku laminate

Wa_Malamulo_Pang'ono
Ndiwonjezere za kugulitsa. Zojambulazo ndi zanu bambo, lamulo la Copyright la 2016 limateteza ntchito ya waluso ndipo za izi mutha kufunsa ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa ntchito za aluso, ku Lilongwe. Koma dzina la bandi ndi nkhani ina, bandiyo ikugwirabe ntchito ndipo imagulitsa malaya akeake. Kulemba dzina lawo pa tisheti nkumagulitsa osawauza si bwino, olo pa umunthu chabe. Ali pa Facebook ndi Instagram, alembereni, atumizireni masamba awiri atatu ndi nkhani ya zipewa ija. Mukatero mudziwa poyambira.

Junior_wa_Bulashi
Moni akuluakulu, ine ndi mwana amene mukumukambayo, mnzanga wanditumizira nkhaniyi. Adadi sindimadziwa za zipewa, simunandiuzepo. Ine sikuti ndimanyoza zojambula zanu ayi, ndimazikonda ndipo nchifukwa chake ndimafuna anthu azione. Chomwe chimandipweteka nchoti anthu amakudziwani ngati olemba mitengo ya ufa ndi sopo pakhoma, pomwe inu ndi waluso kuyambira kale. Ndimaopa kuti tikazitulutsa momwemo anyamata a m'tauni aziseka zala zija nkumanena kuti madala aja satha, ndipo ine sindingapirire kumva zimenezo. Komanso tinene zoona ntchito ya zikwangwani yachepa, penti mumagula movutika. Ndimafuna kope lija likuthandizeni. Koma ndamva zomwe anena a Dada, sindikhudza mzere olo umodzi.

Bulashi_wa_KamuzuRoad
Mwana wanga ndakumva ndipo sindinakukwiyire. Oseka aseke, ine zala zimenezo sindichita nazo manyazi. Za zipewa sindinakuuze chifukwa zinthu za nthawi ija tinazolowera kusazikamba. Ubwere Loweruka ndi foni yako ija tijambule masamba onse monga anenera a Sista, kenako undithandize kulemba uthenga wopita ku Zambia, Chingerezi chako ndi chabwino kuposa changa. Za matisheti tidikire ayankhe kaye. Akalola, tisindikiza tsamba la zipewa momwe lilili, ndi mizere ya kope yomwe ioneke, ndi chaka chake pansi.

WaMakina_Osindikiza
Mizere ya kope ituluka bwinobwino palibe vuto, koma pensulo yofuwa ija pa nsalu sioneka, tidzafunika kuidetsa pang'ono. Kumeneko si kukonza, ndi kuti inki igwire. Ndipo ndikunenabe kuti yosalala ikanayenda malonda kwambiri

Dada_wa_Chanco
Kudetsa kuli bwino bola osawongola. Ndipo musanadinde zambiri dindani imodzi bambo aione ndi maso awo. Bambo, ngati mungalole ndikufuna ndidzabwere ndi ana anga a Loweruka adzaone kopelo pamodzi ndi bolodi lija, osagwira ndi manja, kungoona.

Kapensulo_ka_Maganga
Inenso ndibwere nawo agogo? Ndili ndi makope awiri omwe ndimati ndiwotche chifukwa ndikawaona ndimachita manyazi

Bulashi_wa_KamuzuRoad
Bwera nawo makopewo usawotche, uwauze makolo ako kaye kuti ukupita kuti ndipo ubwere ndi achimwene akowo. A Dada bwerani Loweruka linalo, lino tikhala tikujambula masamba. A Nyakwawa inunso ngati muli ndi chithunzi chabwino cha a Daniel Kachamba nditumizireni, bolodi lina ndili nalo ndipo penti wakuda ndi woyera watsalako.

Nyakwawa_Bua
Ndifufuza, koma mudzawajambule ndi gitala ya nsambo 5, paja iwo imodzi amachotsa

Kabaza_Senga
Nanga za pa njinga yanga zija palibe wandiyankha mpaka pano